Matope a mu Shire amachokera m'munda mwa ndani?

Mukadzakhala pa ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe mu January, basi ikamadutsa pa mlatho wa Zalewa musadzagone, mudzasuzumire pa windo muone Shire. Madzi ake amakhala ofiira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, olemera, akutenga zinyalala ndi mapesi ndi nthambi. Ndiye kumbukirani kuti madzi omwewa potuluka mu nyanja ku Mangochi amakhala oyera bwinobwino. Kufiira konseko ndi dothi, ndipo dothi limenelo dzulo lake linali munda wa munthu wina ku Ntcheu, ku Balaka kapena ku Chingale, munthu amene anagula feteleza movutikira n'kuthira, kenako mvula ya usiku umodzi n'kunyamula zonse kukatula pa damu la magetsi la Nkula. Iye walira kuti chimanga chake chasanduka chachikasu, ife m'tauni talira kuti magetsi azimanso, koma palibe amene akudziwa mnzake, chikhalirecho tikulira maliro amodzi.

Nkhani imene anthu a mapulojekiti amaitchula kuti catchment kapena watershed ndi imeneyi basi. Ndi dera lonse limene mvula ikagwa madzi ake amakathera mu mtsinje umodzi, kuyambira pa kamfuleni ka kuseri kwa nyumba yanu, kulowa m'khwawa, khwawa kukathira mu kamtsinje, kamtsinje mu mtsinje waukulu. Vuto lake n'lakuti dera lotere silitsata malire a mfumu, a boma kapena a dziko. Madzi a mu Shire ambiri amachokera mu nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayo imamwa kwa ife kudzera mu Linthipe, Bua, Dwangwa, South Rukuru ndi North Rukuru, komanso imamwa ku Tanzania kudzera mu Ruhuhu, umene ndi mtsinje waukulu kuposa yonse yothira m'nyanjamo, ndi Songwe amene tili naye pa malire, kwinaku mitsinje ya ku Niassa ku Mozambique ikuthiranso. Potuluka pali khomo limodzi lokha, Shire, amene amayenda makilomita pafupifupi 400 n'kukathira mu Zambezi mkati mwa Mozambique. Ndiye mukaona bwino, mlimi wa ku mapiri a kumwera kwa Tanzania ali ndi dzanja pa babu la mu Ndirande, ndipo wootcha makala ku Neno ali ndi dzanja pa munda wa mpunga wa munthu wa ku Mutarara.

Chinthu chimene ambiri sitidziwa n'chakuti madzi ambiri a m'nyanja amauluka ndi dzuwa, Shire amangotenga gawo lochepa lotsala pamwamba. N'chifukwa chake nyanja ikangotsika pang'ono chabe, mtsinje umaphwa kwambiri. Zinachitikapo kale, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire anasiya kutuluka m'nyanja, pakamwa pake panatsekeka ndi mchenga ndi bango kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula ndiye dziko silinagwedezeke, koma taganizani zitachitika lero. Baraji ya Kamuzu pa Liwonde inamangidwa mu 1965 ndi mantha omwewo, kuti tizitha kusunga madzi m'nyanja ndi kuwatulutsa mwa muyezo, ndipo chaka chotsatira mu 1966 Nkula A inayamba kupanga magetsi. Pambuyo pake panabwera Tedzani, Nkula B, Kapichira, zonse pa mtsinje umodzi womwewu, ngati munthu woika mazira ake onse mu lichero limodzi n'kuyenda pa njira yoterera. Blantyre nayenso amamwa pomwepo, madzi ake ambiri amapopedwa pa Walker's Ferry kukwera mtunda wonse uja mpaka m'tauni, ndipo akakhala amatope kwambiri ndalama za mankhwala oyeretsera zimakwera, mapampu nawo amatha msanga. Kumunsi nzimbe za ku Nchalo zikudikira madzi omwewo, ngalande yaikulu ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme yoyambira pa Kapichira ikudikiranso omwewo, asodzi a ku dambo la Elephant Marsh chimodzimodzi.

Tsono baraji ija imasonyeza bwino mmene nkhani ya madzi ilili yovuta ngakhale pakati pa ife tokha Amalawi. Cha mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, magetsi ankazima tsiku lonse mpaka dziko linafika pochita hayala majenereta a dizilo. Mu 2024 zinatembenuka, nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, malo ogona alendo ndi nyumba za m'mphepete ku Mangochi zinalowa madzi, eni ake n'kumakuwa kuti tsegulani baraji madzi apite. Koma mukatsegula kwambiri ndiye kuti mwatumiza madziwo kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiponso mwaika pa ngozi makina a magetsi ali panjira. A National Water Resources Authority, bungwe limene linabwera ndi lamulo la madzi la 2013, ndi amene amagwira kiyi, ndipo chilichonse chimene angasankhe pali wina amene alire. Ine sindiwasirira ntchito imeneyo.

Koma tibwerere ku dothi. Kafukufuku amene anachitika mothandizidwa ndi FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti pofika 2014 dziko lathu linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse chaka chilichonse tikatenga pakatikati. Matani 29, ndi lole yaikulu yodzaza, kuchoka pa munda umodzi wa hekitala, chaka ndi chaka, ndipo lomwe limachoka ndi la pamwamba lija lakuda lachonde, lotsala ndi katondo ndi nsangalabwi. Zifukwa zake tonse timazidziwa ndipo sindikufuna kuloza chala ngati kuti anthu a kumudzi ndi opanda nzeru. Tinali anthu pafupifupi 4 miliyoni pamene timalandira ufulu, kalembera wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, malo ndi omwewo. Munthu akasowa polima amakwera m'phiri, akasowa chinyezi amatsikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje n'kudula bango ndi nsenjere kuti atsegule dimba. Makala amene amatha nkhalango za ku Neno ndi Mwanza sapsa ku Neno, amapsa pa mbaula za ku Chilomoni ndi Bangwe, ngakhale m'nyumba zomwe muli kuka ya magetsi, chifukwa magetsiwo ndi odula komanso osadalirika. Onani mmene zikuzungulira, magetsi akazima tigula makala, makala amatha mitengo, phiri likayera dothi limatsikira mu damu, damu likakwiririka magetsi amachepa, tigulanso makala. Onjezani njerwa zootcha, onjezani okumba mchenga, onjezani namasupuni amene amakula mosangalala ndi feteleza wokokoloka uja n'kukatseka polowera madzi m'makina.

Ndili ndi azakhali anga kumapiri a Neno, chakufupi ndi malire. Kumunsi kwa munda wawo kuli chigwembe chimene ndili mwana tinkachilumpha popita kotunga madzi, pano munthu wamkulu akalowamo saoneka mutu, ndipo chaka chilichonse chimadya mizere iwiri itatu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi madzi onsewa amachokera kuti poti munda wawo ndi wosamalidwa bwino, akalozera alipo, vetiva alipo. Anangoloza kumtunda. "Mwanawe, ine ndingamange bwanji madzi a eni ake? Akumtundawo mizere yawo inaloza kumunsi ngati mipita, mvula ikagwa yonse imabwera kwa ine, ndiye ine ndiwauze chani, ndi apongozi a amfumu." Mawu amenewo ndimawakumbukira nthawi zonse ndikamva za mapangano a mayiko, chifukwa ndi nkhani yomweyo yangokula msinkhu. Wakumunsi angalimbike bwanji, wakumtunda akapanda kulowa nawo ntchito yonse imagwa m'madzi, ndipo wakumtunda alibe chomukakamiza poti iye sakumva kuwawa.

Pa mlingo wa mayiko zinthu zinayamba kulongosoka ndi pangano la SADC la mitsinje yogawana limene linakonzedwanso mu 2000. Mfundo zake ndi zosavuta kumva, gwiritsa ntchito madzi mwachilungamo, usapweteke mnzako wakumunsi, ukafuna kumanga damu kapena kupatutsa madzi ambiri uyambe wadziwitsa anzako. Kuchokera apo mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi, Angola, Namibia, Botswana, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania ndi ife, anapanga bungwe la ZAMCOM, pangano lake linasainidwa ku Kasane ku Botswana mu 2004 koma linayamba kugwira ntchito mu 2011, ofesi yake ili ku Harare. Zaka zisanu ndi ziwiri kudikira kuti mayiko okwanira avomereze, zimenezo zokha zikukuuzani kuti nkhani ya madzi aliyense amaigwira mochenjera. Malawi ndi kadziko kakang'ono m'gululi koma pafupifupi dziko lathu lonse lili mkati mwa chigwachi, ndipo ndife limodzi mwa mayiko okhala ndi anthu ambiri zedi m'chigwa cha Zambezi, ndiye sitingakhale ongopita kukasaina ma alawansi ku misonkhano imeneyi. ZAMCOM ilibe apolisi, singamange munthu, mphamvu yake ili pa kugawana ziwerengero za mvula ndi kuchuluka kwa madzi, ndi kupanga pulani imodzi. Zimaoneka zazing'ono koma kwa munthu wa ku Nsanje kudziwa maola angapo madzi asanafike ndi kusiyana kwa moyo ndi imfa.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha Songwe. Mtsinje uwu ndiwo malire athu ndi Tanzania kumtunda kwa Karonga ndi Chitipa, koma ukafika kuchigwa umakhotakhota ndipo madzi akasefukira umasintha njira, munthu n'kudzuka m'mawa kupeza munda wake wa mpunga uli tsidya lina, m'dziko la eni. Poyamba maganizo anali ongowongola mtsinje kuti ukhale malo amodzi, koma akatswiri ataunika anaona kuti sungaweruze mtsinje kumunsi usanakonze kumtunda, ndiye pulani inakula n'kukhala ya madamu osunga madzi, magetsi oti mayiko awiriwa agawane, mthirira, ndi kusamala mapiri a mbali zonse ziwiri. Anakhazikitsa komishoni ya mayiko awiri, ofesi yake ili ku Kyela ku Tanzania. Damu lija anthu a ku Karonga akulidikirabe, koma chimene ndimachiona chachikulu n'chakuti mayiko omwewa amene sagwirizana za malire a pa nyanja, mkangano wochokera ku pangano la Azungu la 1890 umene unabukanso mu 2012 mpaka mtsogoleri wakale wa Mozambique a Joaquim Chissano kubwera kudzayesa kuyanjanitsa, pa Songwe amakhala pa tebulo limodzi. Chambo ndi usipa sizidziwa kuti mzere uli pati, ndipo matope otsika mu Songwe akakwirira malo oswanirana nsomba amapweteka msodzi wa ku Kaporo kwathu kuno ndi wa ku Matema ku Tanzania mofanana.

Kummwera nkhani ndi Ruo. Amachokera pa phiri la Mulanje, amalandira Muloza ndi timitsinje ta mbali ya Milange ku Mozambique, amayenda ngati malire mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Amene anaona madzi a January 2015 ku Makhanga sadzaiwala, Ruo anasiya njira yake n'kudutsa m'midzi, akulu aja ananena kuti madzi saiwala khwawa. Kenako namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu January 2022 amene anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130 nthawi imodzi, dziko n'kukhala mu mdima wa maola ambiri kwa chaka chathunthu ndi miyezi, kenako Freddy mu March 2023, matope ndi miyala kutsika mu Soche kukwirira Chilobwe, ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi yathunthu kupita, anthu oposa 1,000 kufa kapena kusowa. Ndinene mosabisa, mvula ngati ya Freddy ngakhale phiri lokhala ndi nkhalango likhoza kugumuka, mitengo si mankhwala a chilichonse ndipo tisanamize anthu. Koma phiri la dazi limatumiza madzi onse nthawi imodzi, ndipo mtsinje wodzaza mchenga ulibe poti uwasunge, ndiye mvula wamba imene kale inkangodutsa lero ikusamutsa anthu. Namondwe aliyense mwa amenewa analowera ku Mozambique asanafike kwa ife, ndipo madzi ake atachoka kwa ife anabwereranso ku Mozambique komweko.

Ndalama zalowamo zambiri ndithu, tisanene kuti palibe chachitika. Shire River Basin Management Program ya World Bank imene inayamba mu 2012 ndiyo inakonzanso baraji ya Liwonde, inaika zida zoyezera madzi ndi nyengo, n'kugwira ntchito ndi midzi ya kumtunda kwa Lisungwi, kumtunda kwa Wamkulumadzi, ku Chingale ndi kuzungulira Kapichira. Aku America kudzera mu Millennium Challenge Corporation, mu thandizo la magetsi la pakati pa 2013 ndi 2018, anaikamo makina ochotsa zomera pa Liwonde ndi okumba matope, komanso ndalama za mabungwe ogwira ntchito kumtunda. Aku Japan anali ndi pulojekiti ya COVAMS m'maboma a Blantyre, Neno, Balaka ndi Mwanza, yophunzitsa alimi kudzera mwa alimi anzawo otsogola. Mu 2020 kunabwera MWASIP, pulojekiti inanso ya World Bank ya madola 157 miliyoni, yofuna kubwezeretsa mahekitala 95,000 a malo owonongeka. Pamwamba pa zonsezi boma linalonjeza pa mgwirizano wa mayiko a mu Africa wa AFR100 kuti libwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030.

Nanga bwanji Shire akadali wofiira? Mbali ina ndi kukula kwa vutolo, mahekitala masauzande makumi angapo pa dera la mahekitala mamiliyoni. Koma mbali ina, ndipo apa ndilankhula maganizo anga, ndi mmene timawerengera chipambano. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 December mpaka 15 April, kumabwera akuluakulu, zitenje, ma T-shirt, gule, mbande kudzalidwa, kujambulitsa, kulengeza mamiliyoni. Mu September palibe amene amabwerera kukawerenga kuti yatsala ingati pambuyo pa mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Ntchito yeniyeni ya m'khwawa ndi yosakongola pa chithunzi, kukoka chingwe cha levulo kuti akalozera atsate phiri mopingasa, kutseka mizere ndi mabokosi, kukumba maswale kuti madzi alowe pansi, kusanja miyala ndi kubzala nsungwi m'chigwembe, kusiya mpata m'mbali mwa mtsinje kuti bango ndi mikuyu zibwerere, kulambula njira zotchinga moto mu June. Ndipo ntchito zimenezi zimafuna mudzi wonse kuyambira pa nsonga ya phiri kutsika, osati alimi khumi obalalika amene analembedwa mayina. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ikakhala kuti inabadwa chifukwa cha pulojekiti imafanso tsiku lomwe galimoto ya pulojekiti yasiya kubwera, yomwe imakhalitsa ndi imene amfumu anaikapo malamulo a mudzi ndi chindapusa chenicheni, ndipo anthu akuona phindu, uchi wa m'ming'oma, udzu wofolera, bowa, nkhuni zapafupi, chitsime chosaphwa mu October.

Ndiyeno pali funso la chilungamo limene timalizemba. Tikupempha mayi wa ku Neno kuti asiye mamita angapo a dimba lake, atuluke thukuta kukumba maswale, asaotche makala, kuti makina a ku Kapichira azizungulira bwino, chikhalirecho mudzi wake ulibe ngakhale polo imodzi ya magetsi. Wopindula ndi ine wa m'tauni, ndi fakitale, ndi kampani ya shuga, ndi bodi ya madzi. M'mayiko ena ogwiritsa ntchito madzi kumunsi amaponya kangachepe mu thumba limene limalipira osamala kumtunda, ku Nairobi ali nalo thumba lotere la mtsinje wa Tana. Kwathu kuno nkhaniyi yakhala ikukambidwa kwa zaka, ndipo ine ndikuona kuti popanda zimenezo tizingodalira ngongole ndi thandizo lakunja limene lili ndi tsiku lothera, pamene kukumba matope pa damu chaka ndi chaka kumadyanso ndalama zomwezo, kungoti timalipira dizilo wa makina m'malo molipira mlimi. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo, madamu a Kamuzu ku Malingunde amadalira nkhalango ya Dzalanyama imene ili pa malire ndi Mozambique, mpaka boma linafika potumizako asilikali kukalondera. Asilikali angathamangitse wootcha makala lero, koma msika wa makala ukadalipo ku Area 36 ndi ku Mtandire, ndipo njala ya munthu uja ikadalipo.

Malire nawo amabweretsa zawo. Midzi ya ku Tsangano, ku Dedza, ku Muloza, anthu ake ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, maukwati ndi maliro amayenderana, wina amalima mbali iyi n'kumagona mbali inayo. Koma pulojekiti ikabwera imathera pa mwala wa malire ngati kuti phiri nalo lathera pomwepo, mlangizi wa mbali ino sangawoloke kukaphunzitsa mlamu wake wa tsidya lija. Nyanja ya Chilwa, imene inauma mu 1995 ndi kuphwanso kwambiri mu 2018, ndi Chiuta, nazonso tili nazo limodzi ndi Mozambique, mbali ino tikatseka nyengo ya usodzi mbali inayo ikapanda kutseka ndiye tangovutitsa asodzi athu chabe. Apa mpamene mafumu a mbali ziwiri angachite zimene nduna sizingathe, chifukwa iwo amakumana kale pa maliro ndi pa miyambo popanda pasipoti.

Ulendo wathawu nditapita kwa azakhali ndinapeza kumtunda kwa mudzi kwasintha. Sanadzale mbande ayi, anangogwirizana kuti kaphiri kena kasalimidwenso, kasatenthedwe, mbuzi zisapiteko, ndipo zitsa zakale zimene aliyense ankati zinafa zaphukira, iwo amangopatulira kusiya nthambi ziwiri zitatu zolimba. Masuku, mitondo ndi tsamba zafika kale kupitirira denga la nyumba. Apongozi a amfumu aja anatembenuza mizere yawo amfumuwo atayamba ndi munda wawo womwe. Chigwembe chija sichinatseke, chikadali chakuya, koma pansi pake pamera nsenjere ndipo kuseri kwa miyala imene anasanja kwadzaza dothi lakuda mpaka azakhali abzalamo nthochi zinayi. Madzulo tikudya nsima ndi tochi ya pa foni anandifunsa ngati magetsi akuvutabe ku Blantyre, ndinati masiku ena inde, iwo n'kuti, "Ndiye ukawauze kumeneko kuti dothi lathu chaka chino sitinatumize lambiri."